Machira a kale: ankawapanga bwanji, nanga ankanyamula anthu angati?

NaBanda_Zisudzo

Moni nonse. Gulu lathu la zisudzo likukonza sewero la nthawi ya atsamunda, ndipo muli gawo loti bwanamkubwa akufika pamudzi atanyamulidwa pa machira. Zithunzi zakale zomwe tapeza n'zosaoneka bwino. Ukungoona mtengo, chinsalu cholendewera, ndi chigulu cha amuna ataima pambali. Odziwa tithandizeni: machirawo ankapangidwa ndi chiyani, ndipo miyeso yake inali yotani? Nanga bwanji pachithunzi pali amuna oposa khumi pomwe ogwira mtengo ndi awiri okha? Tikufuna kupanga enieni oti munthu n'kugonamo osagwa.

Mmisiri_wa_ku_Lunzu

Mayi, chinthucho pachokha n'chosavuta. Pali mtengo, lona logonamo, zingwe, ndi kadenga kotchinga dzuwa. Basi.

Mwini nkhani ndi mtengo. Akale ankasankha nsungwi yaikulu yokhwima bwino, kapena phesi la tsamba la chiwale, chifukwa ziwirizi n'zopepuka ndiponso zimanyutuka pang'ono munthu akamayenda, ndiye wogonayo samva kugunda kwa phazi lililonse. Utali wake ukhale mamita 4, ngakhale kupitirira pang'ono. Lona ndi zingwe zake zimadya mamita awiri ndi theka pakatipo, ndiye kumapeto kulikonse kutsale malo okwanira kuti wonyamula wakumbuyo asamagunde mutu wa wogonayo ndi mawondo, komanso kuti wolandira apeze pogwira mnzake asanasiye. Kunenepa kwa nsungwi kukhale masentimita 8 mpaka 10.

Nsungwi yaiwisi musaiyese. Imalemera, ndipo ikapindika siibwereranso, mawa lake munthu azikhula msana pansi. Yofumbwa ndiye yoopsa zedi chifukwa kunja imaoneka yabwino koma imathyoka kamodzin'kamodzi. Igogodeni, mukaona ufa ukutuluka m'timabowo, itayeni. Yabwino ndi yodula nthawi ya chilimwe, youmitsidwa pamthunzi milungu ingapo. Padzuwa imang'aluka.

Lona likhale mamita 2 m'litali, masentimita 90 m'lifupi. Kumapeto konse kuwiri pindani mpendero wokhuthala, musoke kawiri, mubowole mabowo 8 kapena 10. M'bowo lililonse mudutse kachingwe, kenaka tizingwe tonseto tikakumane pamfundo imodzi kapena pamphete yachitsulo. Tizingweto tilingane kukoka kwake. Kamodzi kakafupika, kulemera konse kumapita pa iko, bowo limang'ambika, ndipo enawo amatsatira mondondozana. Ena ankalowetsa kandodo ka masentimita 60 mumpendero wa kumutu kuti lona lisamapanikize mapewa. N'kothandiza, koma kandodoko kakatalika machira amagudubuka msanga.

Pomangirira pamtengo m'pamene ambiri amalakwitsa. Amaboola nsungwi pakati pa mfundo ziwiri, pomwe ili yamphako, n'kukolekapo munthu. Imang'aluka kuchokera pabowolo. Chingwe chizungulire mtengo wonse kanayi kapena kasanu kuseri kwa mfundo ya nsungwi, ndipo chikhomo chaching'ono chikhale chongoletsa chingwe kutsetsereka, osati chonyamula katundu. Chingwe cha khonje chimatamuka chikayamba kugwira ntchito, choncho pakatha ola loyamba n'kukunganso.

Kulendewera kwake muyese chonchi. Phewa la munthu wamkulu lili pa masentimita 140 kapena kuyandikira pamenepo. Munthu atagonamo, msana wake ukhale masentimita 60 mpaka 70 pansi pa mtengo. Pamenepo pansi patsala malo okwanira kudutsa zitsa ndi miyala. Mukalekerera kwambiri, munthu amapindika pakati, m'chiuno mumapweteka, ndipo chitsa choyamba chimupeza. Mukakungitsa, mphuno ili pamtengo ndipo akangotembenuka wagwa.

Kadenga ndi kafelemu ka nsungwi zong'alula, kotalika ngati lona lomwelo, kokutidwa ndi nsalu, komangidwa pamwamba pa mtengo. Ena ankakamanga molola kuti kazipendekekera mbali yomwe kuli dzuwa. M'mbali munkakhala nsalu zopinda, zotsitsa kukagwa mvula kapena podutsa muudzu wautali. Machira a anthu wamba, onyamulira odwala, analibe zonsezi: bulangete loponya pamtengo ndilo linali denga.

Musanaikemo mwana wa mwini, ikanimo matumba awiri a chimanga a makilogalamu 50, muyende nawo kuzungulira bwalo kangapo.

Mphunzitsi_Wopuma

Amisiri afotokoza bwino za chipangizo. Ine ndiyankhe za chigulu cha amuna chija, chifukwa machira enieni ndi amenewo. Mtengo ndi lona n'zotchipa. Chodula chinali mapewa.

Tiwerengere limodzi. Mzungu wa makilogalamu 75, kuphatikiza mtengo, lona, pilo ndi botolo lake la madzi, zikukwana makilogalamu 90 kapena kuposa. Anthu awiri agawane, aliyense 45 paphewa limodzi, akuyenda mwandawala. Pomwe mtengatenga wamba, wosenza bokosi pamutu, ankapatsidwa katundu wa makilogalamu 25 kapena kupitirira pang'ono. Ndiye mukuona kuti palibe amene akanapirira nthawi yaitali. Awiri ankanyamula mphindi zochepa chabe, ena awiri n'kulandira, otsalawo akuthamanga pambuyo kudikira nthawi yawo. Ulendo waufupi amuna 8 ankakwana. Wautali unkafuna 12 mpaka 16, ndipo munthu wonenepa ankawonjezerapo. Pamwamba pawo panali kapitawo, amene ankaitana osinthana, kugawa chakudya ndi kuyankha mlandu wina akathawa.

Chifukwa chimene machira anafalikira kuno n'chosabisika. Ntchentche za kashembe zinkapha mahatchi ndi ng'ombe zokoka ngolo m'madera ambiri a m'chigwa. Misewu kunalibe, kunali tinjira ta mapazi. Ndipo mtsinje wa Shire, womwe ukanakhala msewu waukulu, uli ndi mathithi kuyambira ku Kapichira, kudzera Mpatamanga, Tedzani ndi Nkula, mpaka kufupi ndi Matope. Munthu wochokera kunyanja yamchere ankalowera ku Chinde, n'kukwera sitima ya pamadzi mu Zambezi ndi Shire mpaka ku Chiromo kapena kwa Katunga kufupi ndi Chikwawa, malinga ndi kuchuluka kwa madzi. Kuchokera pamenepo ndi mapewa a anthu: kukwera chitunda cha Chikwawa mpaka ku Blantyre, kenaka kutsikira ku Matope kukapeza sitima ina yopita ku Fort Johnston, komwe lero ndi ku Mangochi. Ngakhale sitima ya Ilala yoyamba ija, mu 1875, anaiphwasula n'kuisenza zidutswazidutswa anthu mazanamazana kulambalala mathithiwo. Kampani ya African Lakes, ya Mandala ija, yomwe inayamba mu 1878, inkakhalira ntchito imeneyi: kunyamula katundu ndi anthu pakati pa madoko awiriwa.

Chitunda cha Chikwawa muchiganizire bwino. Kumunsi kuli pafupifupi pamlingo wa nyanja yamchere, mamita osakwana 100, pomwe Blantyre ali pamamita oposa 1,000. Lero minibasi imalira pokwera pamenepo.

Za mtunda wa patsiku, pali mayankho awiri. Machira okha, ndi gulu lamphamvu, panjira yolambulidwa, ankatha kuchoka ku Blantyre mbandakucha n'kukagona ku Zomba, mtunda wa makilomita oposa 60. Koma bwana woyendera midzi sankayenda yekha. Anali ndi tenti, bedi, mabokosi a zakudya, bafa, wophika, asilikali a boma. Zonsezo zili pamitu ya amtengatenga, amene sangathamange. Ndiye ulendo wotere unkatha makilomita 25 kapena 30 patsiku, kunyamuka kusanache, kuima dzuwa likafika paliwombo.

China chomwe sewero lanu lisaiwale ndi mimba. Munthu wogwira ntchito yotere amadya ufa wokwana pafupifupi kilogalamu patsiku, kuphatikizapo nyemba ndi mchere. Amuna 16 kwa masiku 5 ndi makilogalamu 80 a ufa, kutanthauza amtengatenga ena atatu ongosenza phoso la anyamata a machira, ndipo atatuwo nawonso adya. N'chifukwa chake ulendo sunkasenza chakudya chonse. Unkadalira midzi ya m'njira. Mthenga ankatsogola kukauza nyakwawa kuti pakhale ufa, nkhuni, madzi, nkhuku ndi mazira. Kwa anthu a pamudzi, kumva nyimbo ya machira ikubwera chapatali sinali nkhani yosangalatsa kwenikweni, makamaka mwezi wa njala.

Nanga amunawo ankachokera kuti? Poyamba malipiro anali nsalu, yoyeza m'mikwamba. Boma la atsamunda litakhazikika mu 1891 pansi pa Harry Johnston, kunabwera msonkho wa nyumba. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900 lamulo linali loti wogwira ntchito kwa mzungu mwezi wathunthu alipire mashereni 3, wosagwira alipire 6. Malipiro a mwezi nawo ankazungulira pa mashereni atatu omwewo. Mwaona mmene chingwe chinamangidwira. Angoni a ku Dedza ndi Ntcheu, Atonga a ku Bandawe, Ayao, ndipo kenaka Alomwe ochokera ku Mozambique, ankatsikira ku Blantyre ndi ku Zomba kukafuna ya msonkho. Nthawi ya dzinja anthu ankasowa chifukwa aliyense ali kumunda kwake, ndipo katundu ankaunjikana padoko miyezi. Pamenepo m'pamene kukakamiza kunkakula.

Njanji itafika ku Blantyre mu 1908, machira anachepa panjira ya kumunsi. M'matauni munabwera magareta okoka anthu, kenaka njinga zamoto ndi magalimoto. Koma kumidzi yakutali, kwa amishoni ndi mabwana oyendera msonkho, anapitirira zaka zambiri ndithu pambuyo pake.

Chiwale77

Aphunzitsi, zonse mwanenazo n'zoona, koma mawu oti "awiri" asawasokoneze mayiwa. Panali manyamulidwe angapo. Wina ndi wa awiri, mmodzi kutsogolo wina kumbuyo. Wina ndi wa anayi pamtengo umodzi womwewo, awiri kutsogolo motsatana, awiri kumbuyo, ndipo umafuna mtengo wautaliko. Palinso woika kamtengo kopingasa kumapeto kulikonse kuti awiri ayende mogundana mapewa. Wachitatuwu umapepukitsa katundu koma umafuna msewu. Panjira ya kumudzi, yoti munthu mmodzi yekha ndiye akwana, sungatheke.

Tsono luso lake. Choyamba, onyamula limodzi alingane msinkhu. Wamtali ndi wamfupi akagwira mtengo umodzi, katundu amatsetserekera kwa wamfupi, ndipo iye ndiye atupe phewa. Kapitawo wodziwa ntchito ankawaika awiriawiri ulendo usanayambe.

Chachiwiri, mayendedwe. Sikuthamanga kotukula mawondo ayi. Ndi timapazi tatifupitifupi, tachangu, mawondo opindika pang'ono, thupi losadumpha. Phewa liziyenda pamzere umodzi. Wakutsogolo ndi wakumbuyo akamaponda mofanana ndendende, mtengo umayamba kuvina, lona n'kumakankhikira uku ndi uku mowonjezereka, mpaka wogonamo amachita chizungulire ndi nseru. Ndiye mapazi amasemphanitsidwa dala pang'ono kuti kugwedera kwa wina kuphe kwa mnzake. Nyimbo zinali za ntchito imeneyi: mmodzi kutsogolera, ena kuvomera, kuti liwiro likhale limodzi ndi mpweya usathe. Zinkachenjezanso a m'njira kuti apatuke. Ndipo popeza wonyamulidwayo kawirikawiri chinenero sankachimva bwino, oimba ankamuikamo momwemo: kulemera kwake, kuuma manja kwake, mkwiyo wake. Ameneyo akumwetulira kuti anyamata akusangalala. Pasewero pamenepo mpamene anthu adzaseke.

Chachitatu, kulandizana. Machira saima. Wolandira amathamanga pambali, n'kulowetsa phewa lake kuseri kwa mnzake, akamva kuti kulemera kwafika pa iye amaitana, ndipo winayo amazemba n'kutuluka. Akutsogolo ndi akumbuyo asasinthe nthawi imodzi. Wotuluka akafulumira, mtengo umagwa ndi mbali imodzi ndipo wogona amafika pansi ndi mutu kapena ndi matako. Kusintha phewa nako kuli ndi njira yake: umakweza mtengo ndi manja awiri, kuudutsitsa pamwamba pa mutu, n'kuutsitsira mbali inayo, uku ukuyenda. Paphewa ankaikapo kansalu kopindapinda kapena nkhata. Ngakhale zinali choncho, matuza ndi zilonda sizinkalephera masiku oyamba, ndipo wogwira ntchitoyi zaka ankadziwika ndi mapewa okhakhala.

Wogona amayenda miyendo kutsogolo kuti aziona kumene akupita. Pachitunda zinthu zimasintha, chifukwa miyendo ikakwera mutu uli kumunsi magazi amathamangira kumutu ndipo thupi lonse limatsetserekera kwa wakumbuyo. Ndiye pokwera potalika ankatembenuza machira kuti mutu ukhale kumtunda. Pamalo oimirira kwambiri, wanzeru ankatsika n'kuyenda yekha. Wokana kutsika ndiye ankathyoletsa anthu misana.

Zovuta za m'njira n'zambiri. Njira zathu zimakhotakhota kuzemba chulu ndi mitengo, pomwe mtengo wa mamita 4 sukhota. Pokhota, lona limadula njira n'kukhula chitsamba cha m'kati mwa ngodya. Ngati pamenepo pali chitedze, wogonayo ndiye woyamba kuchilawa, ndipo ulendo uima. Wakumbuyo saona pansi chifukwa lona lamutchinga, choncho wakutsogolo amayenera kufuula chitsa, dzenje, mwala kapena linthumbu. Mmawa udzu wa tsekera umakhala ndi mame, lona limanyowa n'kulemera. Powoloka mtsinje wofika m'chiuno, mtengo umachoka paphewa n'kupita pamutu, ena atagwirira m'mbali, ndipo mmodzi amatsogola ndi ndodo kufufuza pozama. M'dambo la matope, phazi limodzi likatitimira onse agwa. Kuyambira zaka za m'ma 1890 kunabweranso matekenya, omwe ankalowa m'zala za kumapazi n'kulemaza anthu oyenda opanda nsapato. Gulu lonyamuka ndi amuna 16 linkatha kufika ndi 12 oyenda bwino, ndipo ntchito ya anayi aja inkagwera otsalawo.

Musaganize kuti wogonamo ankamva kukoma kwambiri. Kuwerenga n'kovuta, kutentha pansi pa kadenga n'koopsa, ndipo fumbi la mapazi a wakutsogolo limathera kumaso. Komabe kutopa kwa wogona ndi kwa wonyamula sitingakuike pamuyeso umodzi.

Wa_ku_Chipata

Ndiwonjezereko pang'ono kuti sewero lisaoneke ngati machira anayamba ndi Angerezi. M'chigwa cha Zambezi, ku Quelimane, Sena ndi Tete, eni minda ikuluikulu ya maprazo ankanyamulidwa chonchi kalekale Angerezi asanafike, ndipo onyamulawo ambiri anali akapolo awo. Amene anabwera kudzera ku Zambezi anatengera komweko.

Kunyamula mfumu nako n'kwina. Kuno ku Zambia, ku Luapula, Mwata Kazembe mpaka lero amanyamulidwa pa muselo pamwambo wa Mutomboko ku Mwansabombwe kumapeto kwa July. Koma muselo ndi mpando, mfumu imakhala tsonga pamwamba pa mapewa a anthu kuti aliyense aione. Pa machira munthu amagona pansi pa mtengo, wobisika. Musaziphatikize pasiteji.

Ngati lona lasowa, pali njira ina yakale. Mu April 1873 David Livingstone atalephera kuyenda ngakhale kukwera bulu, anthu ake, pamodzi ndi Susi ndi Chuma, anamupangira kabedi ka mitengo: iwiri yaitali m'mbali yoposa pang'ono mamita 2, timitengo tatifupi topingasa, udzu pamwamba, bulangete, n'kukakoleka kumtengo umodzi, bulangete lina n'kuponya pamtengopo kutchinga dzuwa. Ndi mmene anafikira kwa Chitambo komwe anamwalirira. Kwa wodwala, kabedi kotere n'kabwino kuposa lona chifukwa msana supindika. Vuto lake n'kulemera, komanso kuti munthu amatha kutsetsereka n'kugwera kumbali ngati simunamumange ndi nsalu pachifuwa ndi m'ntchafu.

NaBanda_Zisudzo

Zikomo kwambiri nonse, mwatitsegula maso. Funso lotsiriza: anyamata athu onyamula ndi a sekondale, ndipo alipo 6 okha. Siteji ndi ya mamita 7. Zitheka?

Mmisiri_wa_ku_Lunzu

Zitheka, mayi, koma musinthe zingapo. Mtengo wa mamita 4 pasiteji ya mamita 7 sutembenuka bwino, ndiye dulani wa mamita atatu ndi theka, lona likhale masentimita 180. Bwanayo asankhidwe wopepuka mwa onse, wosapitirira makilogalamu 50, kunenepa mumuike ndi mapilo m'malaya. Anyamule anayi nthawi imodzi, awiri kutsogolo awiri kumbuyo, kuti aliyense asapitirire makilogalamu 17 kapena 18. Awiri otsalawo azithamanga pambali ndi kulandira kamodzi kokha, pamalo omwe mwagwirizana, kuti oonera aone mmene zinkachitikira.

Pokweza, mtengo uyambe uli m'manja pamlingo wa m'chiuno, wogona alowe atakhala chammbali kenaka aponye miyendo, ndipo onse akweze limodzi mmodzi akawerenga. Potsitsa chimodzimodzi, mapazi a wogona ayambe kugunda pansi. Masiku oyamba yeserani paudzu ndi thumba la chimanga, osati pasimenti. Masitepe okwerera pasiteji musadutsepo ndi munthu m'kati. Alowere kuseri kwa katani, pamalo athyathyathya, ndipo mfundo zonse muziziona nokha musanayambe chionetsero chilichonse.